A Kumanja Awongola Mpira

Lamulungu, 3 Meyi

Gofu. Ine ndi amunanga, akulu anga ndi amuna awo. Monga Lamulungu lililonse. Taluzanso. Minga itatu m'sokosi, ina pachala. Ndazula ndi kopanira nsidze.

Masewera ake omwe aja osinthana: banja lililonse mpira umodzi, wina amenya, mnzake akamenyere pomwe wagwera, mpaka ulowe m'dzenje. Amene anayambitsa zimenezi sanakhalepo pabanja. Kapena anakhalapo, nkufuna kuti enafe tilaweko.

Dzenje loyamba. Bambo akunyumba kusolola dalaivala, chindodo chija choyambira, chamutu ngati papaya. Kukhazika mpira pakamtengo. Kugwedeza chiuno kasanu. Kuyang'ana kutali ngati akuona dziko lina. Kenako phwaa! Mpira kunyamuka mwaulemu, kufika pakati nkukumbukira kuti uli ndi abale kumanja. M'mitengo. Iwo: "Koma mwauona mtunda wake?" Ndauona, bambo. Woyenda mtundawo ndine.

Munthu woyeza misewu ameneyu. Zaka makumi awiri ndi zisanu akuuza anthu podutsa mzere wowongoka. Pakalabu amawaitana a Kumanja, iwo nkumavomera. Amayesa ndi udindo.

Ndakwawa pansi pa nthambi, bondo limodzi pansi, ndaugogoda ndi kandodo kanga kakafupi, mpira wabwerera pakapinga wometa. Akulu anga m'manja. Alamu: "Mayi Mpulumutsi afika!" Kasanu ndi kamodzi lero. Ndisaname, zimakoma.

Mpikisano wa mabanja uli pa 6 Juni. Atilembetsa kale. Osandifunsa.

Lachitatu, 6 Meyi

Ku famasi, kuntchito kwanga, mzere mpaka pakhomo. Chimfine chafika m'tauni. Miyendo ikuwawa.

Ndimafuna kutulutsa katundu kumbuyo kwa galimoto, pansi pa jekete yawo yonyezimira ya kumsewu, ndapeza chinthu chachitali chokulunga. Dalaivala ina. Yachitatu. Sindinafunse mtengo. Ayankha okha ndisanatsegule pakamwa: "Inali pa selo." Chitseko cha firiji tikuchitsekabe ndi mpando.

Yatsopanoyi ili ndi kasikulu kumutu. Akuti ukakapotokola mpira umasiya kukhota. Akhala patebulo, magalasi pamphuno, kasipanala m'manja, kapepala ka malangizo pa mbale yanga. Nkhope ngati dokotala wa opaleshoni. Chakudya chazizira.

Kenako mavidiyo pafoni. Wina akuti vuto ndi dzanja lamanzere. Wina akuti ndi phewa. Wachitatu akuti awiri oyambawo ndi abodza. Onse atatu bambo awavomera. Aimirira pabalaza ndi ambulera, kuyeserera. Galasi la babu lapita.

Ndikusesa magalasi ndangoti, bwanji osangomenya pang'ono, mpira uzigwa poti munthu nkuupeza? Iwo: "Mayi, inu mumamenya ngati mukuopa kudzutsa mwana." Inde. Koma mwana wangayo amagona pakati pa bedi.

Loweruka, 9 Meyi

Apita okha kukayeserera. Pakalabu paja mwamuna aliyense ndi sing'anga wa mpira wa mnzake. Alamu akuti mphamvu ikuchepa. Wa ku banki akuti phazi lamanzere libwerere m'mbuyo. Wogulitsa matayala akuti ayi, lipite kutsogolo. Wina wawauza kuti azipuma mpweya asanamenye, wina kuti asapume konse. Onsewa ndimakumana nawo m'tchire Lamulungu, aliyense akufukula udzu ndi ndodo ngati wataya ndolo.

Abwera akumwetulira mpaka m'makutu. "Mayi, umodzi wapita kumanzere!" Ngati akwezedwa pantchito. Ndafunsa ngati anaupeza. Ayi. Kumanzere kuli mpanda wa eni ake, ndi agalu.

Ndiye kuti tsopano ndili ndi matchire awiri.

Lamulungu, 10 Meyi

Dzenje lachitatu, mpira wagunda denga la shedi ya thirakitala. Phokoso lake mbalame zonse kubalalika. Dzenje lachisanu ndi chiwiri, pansi pa chitsamba, nyerere zolusa. Ndautulutsa ndithu, chogwada, ndodo ndagwira pakati. Anthu a gulu lakumbuyo anaima kuonerera.

Titamaliza, pakhonde la kalabu, amayi okhaokha. Amuna anali m'kati. Mayi Loya, mkulu wa amayi a pakalabu, mawu ake aja a m'khoti: "Tationetsani m'mene amuna anu amachitira." Ndinakana kamodzi. Kamodzi kokha.

Ndatenga tsache la mopu linatsamira khoma. Chiuno kasanu. Maso kutali. Phwaa! Dzanja pamphumi, khosi kupotoka pang'onopang'ono kutsata mpira kumanja, kumanja, mpaka ndinayang'ana kumbuyo. "Koma mwauona mtunda wake?" Ndi mawu awo enieni, ndimawatha. Amayi kugwira nthiti. Akulu anga misozi mbwee. Zinandikomera, ndiye ndinawonjeza. Ndinati kunyumbanso ndi chimodzimodzi, phokoso lambiri, kogwera sikudziwika.

Mkuwe. Kenako kuseka kunazima mbali imodzi, ngati wina watsitsa wailesi.

Bambo anali pakhomo. Matambula awiri m'manja, ina yanga. Sindikudziwa anaima nthawi yaitali bwanji. Anabwera, anaika tambula patebulo, pamwamba pa kapepala kuti isanyowetse. "Madzi anu, mayi." Nkupita kugalimoto.

Njira yonse maso ali pamsewu. Ngakhale wailesi sanayatse.

Munthu aziphunzira kuseka. Onse amawaseka, ine ndekha ndalakwa chiyani?

Lachinayi, 14 Meyi

Sakunyanyala. Bola akananyanyala. Moni akupereka, zikomo pa chilichonse, mchere akundipatsira ndisanapemphe. Ngati ndikukhala ndi mlendo wa ku tchalitchi.

Mavidiyo asiya. Ambulera ili pamalo pake. Dzulo ndabwera ku ntchito ndapeza chitseko cha firiji chikutseka chokha, mpando wabwerera patebulo. Palibe ananenapo kanthu. Kale akangosintha babu mudzi wonse umadziwa.

Akumadzuka faifi isanakwane, nkutuluka ndi galimoto. Kubwera seveni, kusamba, ku ntchito.

Mwana wathu waimba kuchokera ku koleji. Asanandipatse ndi moni: "Amayi, mwawatani adadi?" Ndati palibe. Akuti azakhali ake amuuza zonse, mpaka za mopu. Akulu anga aja, pakamwa ngati mpopi wa madzi wothyoka. Mwana: "Mumawaseka kwambiri, mukudziwa?" Ndamuuza kuti awerenge mabuku ake. Zaka zinayi ndikutola minga chifukwa cha bambo akewo, sanaimbepo foni kufunsa za miyendo yanga.

Lachiwiri, 19 Meyi

Masiku asanu ndi atatu otsatizana. Faifi koloko, geti kulira.

Nsapato zimabwera zonyowa ndi mame. Mapulasitala m'kabokosi kanga ka kubafa akutha. Mimba yawo yayamba kubwerera m'kati. Dzulo ndinawamva akuimba mluzu posamba. Mluzu! Ine osandiyankhula zoposa mawu khumi patsiku.

Akulu anga pafoni: "Iwe, mwamuna wa zaka zimenezo sadzukira m'mawa chifukwa cha mpweya wabwino." Akuti wa ku banki uja anayambanso choncho, lero ali ndi nyumba ziwiri. Andibwereka galimoto yawo kuti ndiwatsatire. Akufuna lipoti lonse.

Ku ntchito ndinatsala pang'ono kumata chizindikiro cha mankhwala a mayi wina pabotolo la mwana. Mnzanga wapakauntala anandigwira dzanja. Zaka makumi awiri sindinachitepo zimenezo. Ndinakakhala ku sitolo ya kumbuyo pakati pa makatoni.

Ngati ndi Mayi Loya ndimupha. Ayi, Mayi Loya sangadzuke faifi koloko chifukwa cha munthu.

Lachisanu, 22 Meyi

Ndawatsatira. Magetsi a galimoto ozima, ngati wakuba. Anakhotera ku kalabu, koma osati ku geti yaikulu. Kumbuyo, ku bwalo lophunzirira. Ndinaimika patali, nkukabisala kuseli kwa thanki ya madzi, nditavala kale khoti loyera la ku ntchito. Wakuba wovala zoyera.

Mkazi kulibe. Kuli a Chepetsani.

Mkulu uja wophunzitsa gofu, wa bondo lofa, amene amakhala pampando wa pulasitiki ndi ndodo yoyendera. Dzina lake lenileni palibe amalikumbukira. Amuna a pakalabu amamuthawa, akuti amaphunzitsa gofu ya nkhalamba. Bambo yemweyu ananenapo kuti munthu ameneyo akhoza kukuphunzitsa kumenya ntchentche osaipha.

Lero ndawaona ataima pamaso pake ngati mwana wa sitandade wanu.

Timitengo tiwiri pansi, mbali ndi mbali ngati njanji. Kathaulo m'khwapa, kakagwa ndiye kuti alakwitsa. Ndodo agwira motsitsa, zala ziwiri kuchokera kunsonga. Ndipo si yatsopano ya kasikulu ija. Yakale, yoyamba, yokalikakalika, imene ndimayesa anapatsa munthu. Mpira aukhazika motsika. Asanamenye amasankha tsamba limodzi patsogolo pa mpira, phazi limodzi lokha, nkumayang'ana pamenepo, osati dziko lina lija. Chiuno osagwedeza. Ndodo kukwera kufika paphewa basi.

Mkuluyo mawu ake ndi amodzi. "Chepetsani." Amenya. "Chepetsaninso." Kamodzi bambo anaiwala, anakoka ndodo mpaka kumsana, mpira nkuthawira kwawo kumanja. Mkuluyo osakweza mawu: "Mukumenyera ndani? Alamu anu kuno kulibe."

Bambo: "Pepani aphunzitsi." Pepani! Mawu amenewo ine ndinawamva komaliza mwana ali m'manja.

Kutsogolo anazika mbendera ziwiri, mpata wake ngati msewu. Ndinawerenga mipira khumi. Yotsika, yosapita kutali, yopanda phokoso, yosasangalatsa kuonera. Isanu ndi iwiri pakati pa mbendera.

Za mtunda sanatchule ngakhale kamodzi.

Ndinabwerera kugalimoto nsapato zili chonyowa. Ndimayenera kusangalala. Akulu anga ndawauza kuti ndinawataya panjira.

Mkazi ndikanadziwa chochita naye.

Lamulungu, 24 Meyi

Gofu kulibe. Awauza alamu kuti msana. Msana womwewo wanyamula zidebe ziwiri za mipira dzulo.

Ndasita zovala tsiku lonse, mpaka nsalu za patebulo zimene sitigwiritsa ntchito. Iwo pakhonde, akutsuka ndodo yakale ija ndi mswachi.

Anthu awiri, nyumba imodzi, aliyense akudziwa chinthu, wina osanena.

Lachitatu, 27 Meyi

Mayi Loya ku famasi, kudzagula tamaswiti ta pakhosi. Atsamira kauntala ngati ndi yawo. Akuti pa 6 anthu agwirizana zotsatira gulu lathu, akaonere zozizwitsa za m'tchire. "Tikudalira inu, Mayi Mpulumutsi. Amuna anuwo asatikhumudwitse." Ndinaseka nawo. Za mbendera ziwiri sindinanene. Sindikudziwa chifukwa chake. Ndikudziwa.

Pobwera ndadutsira ku sitolo ya zamasewera, ndawagulira gulovu. Yawo yang'ambika pachala chachikulu. Ndaiika pafupi ndi mbale yawo. "Zikomo, mayi." Ayesa, yakwana.

Ndiye ndinayamba, ndikuyang'ana m'poto, kuti zija za pakhonde zinali zocheza chabe, amayi akakumana mumadziwa.

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Munanditengera bwino. Chiuno chokha munawonjezako."

Basi. Anapitiriza kudya. Za mawu ena aja, a kunyumba, sanatchule. Ndiwo ndimadikira. Ndinali nditakonza kale yankho, labwino, lokhala ndi mbali zitatu. Ndangotsala nalo m'kamwa ngati piritsi lopanda madzi.

Lachisanu, 5 Juni

Mawa.

Titadya atulutsa pepala lalikulu la ku ntchito kwawo, la timabokosi. Ajambula maenje onse amene iwo ayambire, asanu ndi anayi, ndi pensulo yosongoka. Mitengo, mchenga, dziwe, chilichonse pamalo pake. Pakati pa kapinga kamtanda. Pambali nambala.

"Apa mpira ukagwa apa. Inu mukatsala ndi mamita 140, kuwoloka dziwe. Apa 150, kokwera pang'ono. Apa 135."

Aka nkoyamba m'masabata anayi kundiyankhula mawu ambiri chonchi, ndipo ndi masamu.

Ndinafunsa ngati mpira wawo unaphunzira kuwerenga mapu. Zinangotuluka. Anapinda pepala kanayi, bwinobwino, nkuliika m'thumba la chikwama changa.

Ndalongedza monga mwa nthawi zonse: thalauza lochindikala, sokosi zazitali, mafuta a kulumidwa ndi tizilombo. Pa bwalo lophunzirira aliyense ndi katswiri. Tione mawa anthu ali mbali zonse, alamu atamenya chawo chija chofika kumwamba. Munthu sasintha pa masabata anayi. Ndimawadziwa.

Loweruka, 6 Juni

Sindilemba.

Lamulungu, 7 Juni

Chabwino. Ndilembe, mwina zichoka m'mutu.

Mabanja makumi awiri ndi awiri. Ife gulu limodzi ndi akulu anga. Pa dzenje loyamba anthu ngati pali ngozi. Wogulitsa matayala anakaima dala kumanja, kutsogolo kwa mitengo, atavala chidebe kumutu. Anthu kuseka. Inenso.

Alamu anayamba. Chiphokoso, mpira kumwamba, anthu kuomba m'manja. Unakagwera mumchenga, koma ndani amaona zimenezo.

Bambo. Ndodo yakale. Wina anakuwa kuti yatsopano ija aigulitsa kuti alipire denga la shedi. Iwo osatembenuka. Anasankha katsamba kawo. Ndodo kufika paphewa. Tho.

Wotsika, wowongoka ngati ulusi wa mmisiri. Unagwa, unagudubuzika, unaima pakati penipeni. Alamu anawaposa ndi mamita makumi anayi. Bambo anatola kamtengo kawo nkukaika m'thumba.

Wa matayala anavula chidebe.

Ndinayenda pakati pa kapinga. Sindinadziwe kuti ndi potakasuka chonchija. Popanda mtengo, popanda chitsamba, popanda pobisala. Ngati ukudutsa pakati pa holo utavala chovala chogonera. Anthu makumi atatu kumbuyo kwanga.

Mpira uli phee pa udzu wometa, woyera, ngati dzira pambale. Patsogolo dziwe. Kuseri kwake mbendera. Sindinafunike kutsegula pepala. 140.

Ndinasolola ayironi faifi, ndodo yomenyera patali. Kumutu kwake kunali kudakali kapepala ka ku sitolo. Zaka zinayi. Ndinakachotsa ndi chikhadabo, Mayi Loya akuona.

Ndinamenya dziko lapansi. Chigamba cha kapinga chinauluka kupitirira mpira. Mpirawo unasuntha mapazi khumi, mwaulemu, ngati ukupatsa munthu njira.

Wina anatsokomola. Bambo anapita, anaumenya, unawoloka.

Dzenje lachitatu, pakati. Ine ndinaumenya pamutu, unathamanga pansi ngati khoswe mpaka m'ngalande. Lachisanu, pakati. Ndinati pano ndiika mphamvu. Unagunda pakhosi pa ndodo nkuthawira cham'mbali. Kumanja. M'mitengo yomwe ija, ndimaidziwa umodziumodzi. Bambo analowamo. Sadziwa kutulukamo, sanaphunzirepo, ntchitoyo inali yanga. Anamenya mtengo, mpira unabwerera pakati pa miyendo yawo. Anatuluka minga ili m'malaya, nkuyamba kundithandiza kuyang'ana poimika phazi.

Pofika dzenje lachisanu ndi chiwiri manja anga anali a munthu wina. Ngakhale poyambira panga, pamene ndimadziwika kuti sindiphonya, ndinayamba kukhota.

Maenje asanu ndi awiri bambo anayambira ndi dalaivala. Asanu ndi limodzi pakati. Timitanda ta papepala tija, ukanatha kuikapo mbale.

Limodzi lokha anaphonya, la nambala 13. Mpira unatsetsereka kumanja, pansi pa mtengo wa nthambi zotsika, mu udzu wofika m'mawondo. Mulungu andikhululukire, mtima wanga unavina. Ndinachita kuthamanga. Bondo pansi, kandodo kanga, khwa! Unatuluka pakati pa mitengo iwiri, mpata wake ngati zenera la bafa, nkukaima pabwino. Sindinamenyepo wokongola chonchija. Ndinadzuka, ndinatembenuka.

Kunalibe munthu. Anali atabwerera kalekale ku khonde. Akulu anga ali pafoni. Bambo okha, atagwira chikwama changa. "Mwamenya bwino."

Tamaliza a nambala 21. Otsiriza ndi banja lina limene linakangana pa dzenje lachisanu ndi chinayi, mkazi nkutenga makiyi a galimoto. Chaka chatha, ndi tchire lonse lija, tinali a nambala 9.

Panali kamphoto ka mpira wogwera pafupi kwambiri ndi mzere umene anajambula pakati pa dzenje la 15. Apambana ndi bambo. Ketulo ya magetsi. Mayi Loya powapatsa: "A Kumanja tiwapezere dzina lina." Wina kumbuyo, ndikuganiza wa ku banki: "Dzinalo lisatayike, lili ndi mwini wake kunyumba komweko!"

Khonde lonse. Akulu anga, magazi anga enieni, mpaka kumenya tebulo.

Ndinayang'ana nkhope ya bambo. Ndimafuna ndione kakumwetulira, ngakhale kakang'ono pakona pa mlomo, kuti tikhale ofanana. Panalibe. Anaika ketulo m'khwapa, anabwera pomwe ndinakhala, nkuti tiyeni mayi, mwatopa.

Sindidzawakhululukira.

Lachitatu, 10 Juni

Zifukwa zomwe ndapeza mpaka pano: udzu anaumeta kwambiri. Akulu anga amalongolola ndikamamenya. Pepala lija linandisokoneza, munthu sungasewere nambala zili m'mutu. Nsapato zatsopano.

Nsapato si zatsopano.

Ndakhala ndikuwerengera ndikugawa mankhwala. Zaka zinayi, Lamulungu lililonse, ntchito yanga inali kutulutsa mpira mapazi makumi atatu cham'mbali. Basi. Munthu ali mu minga palibe amamufunsa kuti bwanji sunafike pa mbendera. Akangotuluka, ndi ngwazi. Akalephera, vuto ndi amene anamuika mmenemo. Ndinali ndi ntchito yabwino kwambiri pakalabu ponse, ndipo anandichotsa popanda kalata.

Mwana waimba. Akuti adadi amuuza kuti ndinasewera bwino, kungoti kunali mphepo. Kunalibe mphepo. Mbendera zinali lende ngati sokosi pachingwe.

Ndiye za akulu anga, lipoti la lero: amuna a Mayi Loya adzakhala ali paulendo mwezi wamawa, ndipo mayiwo apempha bambo kuti adzasewere nawo mpikisano wa Julaye. Mayi Loya amene ankafa nako kuseka. Mayi Loya amamenya ayironi faifi mamita 140 akucheza.

Ndafunsa chozungulira, ndikuthira madzi mu ketulo ya mphotoyo, kuti ndamva mwakhala munthu wofunidwa. Anapitiriza kupaka batala. "Ndinawauza kuti ndikafunse kaye kunyumba ngati malo anga alipobe."

Ndinati chitani zimene mukufuna.

Ketuloyo imawira msanga, ndiyenera kuvomereza.

Lachisanu, 12 Juni

Nthawi ya nkhomaliro ndamusiyira mnzanga kauntala, ndati ndikupita ku banki. Takisi mpaka geti ya kumbuyo. Ndodo imodzi ndinaikulunga m'nsalu ngati ndikukagulitsa.

A Chepetsani pampando wawo, akusenda lalanje. Sanadabwe. Akuti thanki ya madzi ija ndi yopapatiza kuposa m'mene anthu amaganizira, makamaka ovala zoyera. Ndiye kuti bambonso... Ayi. Sindifunsa.

Anaponya mpira pa udzu wosalala. Ndinaima, ndinakonzeka. Anatambasula ndodo yawo yoyendera nkuubweza mpira pomwe anauika. Sindinazindikire kuti ndinali nditaukankha ndi chala cha phazi kupita pa kachitsotso ka udzu wautali. Ndinakonzekanso. Anaubwezanso. Katatu.

"Mayi, pano palibe amene wakulakwirani. Menyani."

Mipira khumi ndi umodzi. Pansi, pamutu, pansi, cham'mbali, umodzi ndinauphonya wonse. Iwo akudya lalanje. Akuti ndimaimitsa ndodo ikangogunda mpira, ngati kutsogolo kuli nthambi. Kulibe nthambi. "Inu ndiye onjezani. Malizani, mimba iyang'ane komwe mukupita." Munthu wa dzina limenelo kundiuza kuti ndionjeze. Amuna a pakalabu atamva sangakhulupirire.

Wa nambala 12 unanyamuka. Osati kwambiri. Mamita mwina zana, wokhota pang'ono. Koma unakwera m'mwamba, ndipo m'manja simunamveke kanthu, ngati ndamenya mpweya. Ndinaima nkumauyang'ana mpaka unagwa. Ndinatsala pang'ono kufunsa ngati aona mtunda wake. Ndinadziluma lilime.

Akuti masana saphunzitsa, bondo limatupa. Faifi koloko m'mawa basi. "Ndili ndi wina nthawi yomweyo, koma salongolola."

Kunyumba ndimabisa dzanja pansi pa tebulo. Thuza pachala, lina pachikhatho. Anaona ndikupatsira mbale. Anayang'ana dzanja, anayang'ana mbale, anatafuna nthawi yaitali.

"Mawa ndikudzutseni?"

Ndati ayi, zanu zimenezo, ine ndili ndi ntchito.

Foni ndaitchera hafu folo. Vuto, galimoto ndi imodzi. Akamatuluka andipeza ndili kale m'katimo, kumpando wakumbuyo, ndipo wina asayerekeze kutsegula pakamwa.